Bomba Losadziwa Kuti Nkhondo Inatha

Aliyense amene anayendapo mumsewu wochokera ku Makwasa kupita ku Thyolo boma m'mawa wa dzinja anawaonapo anthu otchola tiyi. Dengu lili kumsana, manja onse awiri ali kalikiliki pamwamba pa masamba. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri a ife sitichiganizira: wotchola tiyi saona pamene akuponda. Mitengo ya tiyi imadulidwa kuti pamwamba pake pakhale posalala ngati tebulo, nthambi zake n'kulukanalukana mpaka m'chiuno, ndipo mapazi amangodziyendera mumdima wa pansi pa masambawo. Munthu amaponda ali ndi chikhulupiriro chakuti pansipo pali dothi, masamba owola, mwina njoka imene ithawe yokha ikamva mgugu.

Tayamba ndi tiyi chifukwa phunziro lathu likukhudza chida chankhondo chimene chimachotsa chikhulupiriro chimenechi. M'Chingerezi amachitcha cluster munition. Ife tizingoti bomba lomwaza timabomba. Tisaopsezane pachabe: m'minda ya tiyi ya ku Thyolo simunagwepo bomba lotere. Koma dziko la Malawi linasaina pangano loletsa zidazi, abale athu a ku Tete ndi ku Zambia anazilawa, ndipo pangano lija tsopano likugwedezeka. Ndiye ndi bwino tidziwe chimene dziko lathu linavomera, komanso chifukwa chake mayiko ena akuluakulu akukanitsitsa.

Chida chake n'chotani?

Bomba wamba limagwa pamalo amodzi n'kuphulika kamodzi. Bomba lomwaza lili ngati chigubu chachikulu chodzaza ndi timabomba ting'onoting'ono, nthawi zina makumi angapo, nthawi zina mazana. Amaliponya kuchokera mundege kapena ndi mzinga. Lisanafike pansi limatseguka m'mwamba, timabomba tija n'kumwazika ngati mmene munthu amawazira mapira, pamalo aakulu ngati bwalo la mpira kapena mabwalo angapo. Asilikali amalikonda chifukwa cha kumwazikako. Kuwombera kamodzi kumakwanira gulu lonse la adani, akasinja amene ali pamzere, kapena ndege zoimikidwa pabwalo.

Vuto loyamba lili pomwepo. Ngati pakati pa malo amenewo pali msika, chitsime kapena sukulu, timabomba sitisankha. Vuto lachiwiri ndi limene likutikhudza kwambiri. Kabomba kalikonse kanapangidwa kuti kaphulike kakagunda chinthu cholimba. Koma kakagwera m'matope, mumchenga, m'madzi, kapena kakakodwa m'nthambi, nthawi zambiri sikaphulika. Kamangokhala pomwepo kali kotchera, kudikira khasu, phazi, kapena dzanja la mwana. Tangoganizani munda wa tiyi mu Januwale, dothi lofewa, nthambi zothithikana. Malo abwino obisalamo kabomba kuposa amenewo kulibe. Ndipo tiyi si chimanga choti ungachiotche chaka chino n'kubzalanso chaka chamawa. Mtengo wake umatenga zaka kuti uyambe kupereka masamba okwanira, ndipo ukakhwima umatcholedwa kwa zaka makumi ambiri.

Dziko limene likudziwa bwino zimenezi ndi Laos. Pakati pa 1964 ndi 1973, pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndege za America zinaponya kumeneko timabomba toposa 270 miliyoni. Akatswiri amati pafupifupi 80 miliyoni sitinaphulike. Tambiri ndi tozungulira, kukula kwake ngati mpira wa tenisi, ndipo ana amatitola poyesa choseweretsa. Nkhondoyo inatha zaka zoposa 50 zapitazo, koma alimi a mpunga akufabe nato. Ku Afghanistan mu 2001 kunachitika china chomvetsa chisoni: timabomba tina tinali tachikasu, mtundu womwewo wa timapaketi ta chakudya timene ndege za dziko lomwelo zinkaponyera anthu anjala.

Sizili kutali monga tikuganizira

Pa nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, asilikali a boma la azungu la Rhodesia anapanga kabomba kawokawo kotchedwa Alpha. Kanali kozungulira, kochepera pang'ono mpira wamiyendo, ndipo kanapangidwa kuti kakagunda pansi kanjanje kaye m'mwamba, kenaka kaphulike pamwamba pa mitu ya anthu. Ndege imodzi ya mtundu wa Canberra inkanyamula timabomba totere 300.

Pa 23 Novembala 1977 ndege zimenezi zinakhuthula timabombati pamisasa ya ZANLA pafupi ndi Chimoio ku Mozambique. Kunafa anthu ambirimbiri, ndipo si onse anali asilikali. Munali amayi ndi ana. Patangopita masiku awiri anaukiranso msasa wa ku Tembwe, kumpoto kwa Zambezi m'chigawo cha Tete, dera limene anthu ambiri amalankhula chinenero chathu chomwechi. Chaka chotsatira, pa 19 Okutobala 1978, anaukira msasa wa ZIPRA ku Chikumbi, kumpoto pang'ono kwa mzinda wa Lusaka.

Zimbabwe inalandira ufulu mu 1980. Boma limene linaponya mabombawo linatha, ndipo dzina loti Rhodesia linafufutika pamapu. Koma timabomba ta Alpha tinatsala m'tchire. Anthu ochotsa mabomba a bungwe la Norwegian People's Aid anali kutipezabe m'boma la Cahora Bassa ku Tete patapita zaka zoposa 30. Mozambique inalengeza mu Seputembala 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira pansi, koma ntchito ya timabomba inatha kumapeto kwa 2016. Mwana amene anabadwa chaka cha chiwembu cha ku Chimoio anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40.

Makolo athu ambiri amakumbukira nthawi imene Malawi inasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Thyolo ndi boma la m'malire, ndipo mtsinje wa Ruo sunalepheretse chibale, malonda kapena maukwati. Choncho tikamanena za munda wa ku Mozambique umene mwini wake akuopa kuulima, tikunena za munda wa malume ake a winawake amene timakhala naye m'kalasi.

Kodi lamulo silinalipo kale?

Linalipo. Malamulo a nkhondo, makamaka mapangano a ku Geneva a 1949 ndi zowonjezera zake za 1977, ali ndi mfundo ziwiri zimene wophunzira aliyense ayenera kuzidziwa. Yoyamba ndi yakuti omenyana ayenera kusiyanitsa msilikali ndi munthu wamba, ndipo kuwombera kosasankha n'koletsedwa. Yachiwiri ndi yakuti ngakhale ukulunjika pamalo a asilikali, sukuyenera kuwombera ngati ukuona kuti anthu wamba amene avulale achuluka kwambiri poyerekeza ndi phindu lankhondo limene ukufuna kupeza.

Mayiko monga America, Russia, China, India, Pakistan ndi Israel amaima pamenepa. Amati chida pachokha si choipa. Choipa ndi kuchigwiritsa ntchito molakwika. Ukaponya bomba lomwaza pagulu la akasinja m'chipululu mopanda mudzi, waphwanya lamulo liti? Amanenanso kuti ukawalanda chidachi adzafunika kuwombera mabomba wamba ochuluka kuti akwanitse ntchito yomweyo, ndipo mwina awononga zambiri.

Mfundo imeneyi si yopusa, ndipo tisaikankhire kumbali. Koma ili ndi kobowoka. Lamulo la 1977 limamufunsa mkulu wa asilikali zimene akuona pa tsiku limene akulamula kuwombera. Pa tsikulo mwina mudzi ulidi wopanda anthu, onse athawa. Nanga anthu amene adzabwerere pakatha miyezi itatu kudzakolola? Nanga mwana amene pa tsikulo sanabadwe n'komwe? Akatswiri a malamulo akhala akukangana ngati anthu otere ayenera kulowa pamasamu a mkulu wa asilikali uja, ndipo ngakhale atalowa, palibe amene angawawerenge molondola. Lamulo lakalelo linalembedwa poganizira chida chimene chimamaliza ntchito yake tsiku lomwelo.

Chimene chinatembenuza mitima ya mayiko ambiri ndi nkhondo ya pakati pa Israel ndi Hezbollah mu 2006. Malinga ndi bungwe la United Nations, Israel inaponya kumwera kwa Lebanon timabomba pafupifupi 4 miliyoni, tambiri mwa ito m'masiku atatu omaliza a nkhondo, ndipo tofika pafupifupi miliyoni imodzi sitinaphulike. Nawonso a Hezbollah anaponya tina kumpoto kwa Israel, ngakhale tochepa kwambiri poyerekeza. Alimi a fodya ndi a maolivi atabwerera kwawo anapeza timabomba tikulendewera m'mitengo. Anasankha pakati pa kusiya zokolola ziwonongeke ndi kulowa m'munda momwemo. Ambiri analowa.

Ku Lebanon komweko kunagwa mfundo ina imene opanga zida ankadalira. Panali mtundu wa kabomba wotchedwa M85, wokhala ndi kachipangizo kodziphulitsa kokha ngati kalephera kuphulika pogunda. Pamayeso ankati tolephera ndi pafupifupi kamodzi pa 100 tilitonse. Akatswiri a ku Norway ndi Britain atapita kukawerenga m'minda yeniyeni, lipoti lawo la 2007 linapeza pafupifupi 10 pa 100 tilitonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mayeso amachitikira pabwalo louma ndi lolimba, pomwe nkhondo imachitikira m'minda.

Pangano limene Malawi inasaina

Mu Febuluwale 2007 dziko la Norway linaitanitsa mayiko amene anali okonzeka kuletsa chidachi osadikira akuluakulu aja. Mayiko a mu Africa anachita mbali yaikulu. Anakumana ku Livingstone m'dziko la Zambia pa 31 Malichi ndi 1 Epulo 2008, n'kugwirizana kuti akapita ku zokambirana ndi mawu amodzi ofuna chiletso chenicheni. Pa 30 Meyi 2008, mayiko 107 anavomereza mawu a panganoli ku Dublin. Malawi inasaina ku Oslo pa 3 Disembala 2008, ndipo inamaliza kulivomereza mu Okutobala 2009. Panafunika mayiko 30 kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo Malawi ndi Zambia anali m'gulu la 30 oyambawo. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2010. Mu Seputembala 2013 msonkhano wachinayi wa mayiko a m'panganoli unachitikira ku Lusaka, pamtunda wochepa chabe kuchokera ku Chikumbi.

Dziko limene lalowa m'panganoli limalonjeza kuti silidzagwiritsa ntchito, kupanga, kusunga kapena kupatsa wina zidazi, ngakhale kuthandiza wina kuchita zimenezi. Zimene lili nazo m'nkhokwe liyenera kuziwononga pasanathe zaka 8, ndipo malo oipitsidwa liyenera kuwayeretsa pasanathe zaka 10. Ndime yachisanu ndi imene ife ophunzira zaumoyo tiyenera kuiwerenga kawiri. Imalamula boma kupereka chithandizo chamankhwala, kuthandiza ovulala kuti ayambenso kuyenda ndi kugwira ntchito, kuwapatsa uphungu, ndi kuwabwezera m'moyo wa m'mudzi. Ndipo panganoli likamati wovulala silitanthauza yekhayo amene waduka dzanja. Limawerenganso banja lake ndi mudzi wake. Amene tinakhalapo m'wodi timadziwa kuti zimenezi n'zoona: bambo akagona pabedi miyezi iwiri, mayi amakhala pansi pa bedilo ngati womudikirira, ndipo kumunda sikupita munthu.

Panganoli lili ndi zilema zake. Silinaletse mtundu wina wa zida zamakono, zokhala ndi timabomba tosakwana 10, kalikonse kolemera kuposa makilogalamu 4, kotha kuzindikira chinthu chimodzi chimene kakufuna, komanso kodziwononga kokha. Zida zotere zimapangidwa ndi mayiko olemera, ndipo ena anadandaula kuti chiletso chagwera chida cha wosauka n'kusiya cha wolemera. Ndime 21 imalolanso dziko la m'panganoli kumenya nkhondo limodzi ndi dziko limene likugwiritsabe ntchito mabombawa. Ndime imeneyi analowetsamo kuti mayiko a NATO monga Britain asaine popanda kuthetsa ubale wawo ndi America. Kwa ife ikumveka ngati munthu amene wasiya mowa koma akupitirizabe kuperekeza anzake kumowa. Komabe ntchito yaoneka. Pofika kumapeto kwa 2023, mayiko onse a m'panganoli amene anali ndi zidazi, kuphatikizapo South Africa, anali atamaliza kuziwononga: mabomba pafupifupi 1.5 miliyoni okhala ndi timabomba pafupifupi 179 miliyoni.

Wina angafunse kuti kusaina kwa Malawi kunali ndi phindu lanji, poti sitinapangepo chida chotere. N'zoona kuti sitinataye kanthu posaina. Koma malamulo a pakati pa mayiko alibe apolisi. Mphamvu yake imachokera ku kuchuluka kwa ovomera, mpaka chinthu chimafika pochititsa manyazi ngakhale kwa amene sanasaine. Mu Novembala 2011 ku Geneva, mayiko akuluakulu anayesa kukhazikitsa lamulo lina lofewa, lolola kugwiritsabe ntchito mitundu yambiri ya zidazi. Mayiko pafupifupi 50, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono, anakana, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Paja akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Funso lovuta

Zikanakhala kuti nkhani yathera apa, phunziroli likanakhala lopepuka. Koma mu Febuluwale 2022 Russia inalowa m'dziko la Ukraine, ndipo mayiko onse awiri sali m'panganoli. Russia yagwiritsa ntchito zidazi kwambiri, ngakhale m'mizinda. Pa 8 Epulo 2022 mzinga womwaza timabomba unagwa pasiteshoni ya sitima ya Kramatorsk, pamene anthu ankadikira kuthawa, ndipo unapha anthu oposa 50. Bungwe la Cluster Munition Monitor linapeza kuti mwa anthu onse amene anaphedwa kapena kuvulazidwa ndi zidazi padziko lonse mu 2022, 95 pa 100 alionse anali anthu wamba, ndipo mwa amene anapwetekedwa ndi timabomba totsalira, ambiri anali ana.

Kenaka mu Julayi 2023 America inalengeza kuti ipereka mabomba omwaza ku Ukraine. Apa m'pamene mtima umagawikana. Anthu a ku Ukraine anati: dzikoli ndi lathu, mindayi ndi yathu, ndipo mdani waiipitsa kale. Zipolopolo zina zatithera. Tikagonja, anthu athu adzavutika kuposa mmene angavutikire ndi timabomba. Ndani angatiletse kuika chiswe m'nyumba yathu yomwe ngati ndi njira yokhayo yothamangitsira wakuba? Dziko la Lithuania, limene lili m'malire ndi Russia ndi Belarus, linamva mfundo imeneyi n'kutuluka m'panganoli. Kutulukako kunayamba kugwira ntchito mu Malichi 2025, ndipo linali dziko loyamba kuchita zimenezi.

Ife amene tikulemba tili pansi pa mitengo ya m'phiri, kutali ndi mizinga, ndipo sitingamuweruze mopepuka munthu amene nyumba yake ikuyaka. Komabe sitikugwirizana ndi mfundoyi, ndipo chifukwa chathu n'chakuti mawu oti "minda yathu" akubisa munthu. Amene akulamula kuwombera lero si amene adzalime mundawo mu 2050. America inati timabomba timene inapereka tolephera sitipitirira 2.35 pa 100. Tiyeni tivomere chiwerengerocho monga chilili, ngakhale taona zimene zinachitika ku Lebanon. Pa timabomba miliyoni imodzi, ndiye kuti 23,500 tatsala m'dothi. Palibe boma limene lingapemphe chilolezo kwa amene adzatipeze. Chinanso n'chakuti palibe dziko limene linamenyapo nkhondo likunena kuti ifeyo ndi olakwa. Boma la Rhodesia nalo linkati likudziteteza. Chiletso chimene chimagwira ntchito pokhapokha zinthu zili bwino sichingateteze aliyense, chifukwa zida zimatuluka m'nkhokwe zinthu zikavuta basi.

Dzenje losavundikira

Pasukulu imene dzina lake ndi Malamulo, sitingalephere kuona kuti funso limeneli ndi lakale. Pa Eksodo 21:33, 34 pali lamulo la munthu amene wakumba dzenje n'kulisiya losavundikira. Ng'ombe kapena bulu wa mnzake akagweramo, wokumbayo ndiye amalipa. Sangadzikanire ponena kuti sankafuna kupha chiweto cha munthu, kapena kuti pamene chinkagwa iye anali kwina. Mlandu umatsata amene anasiya ngoziyo. Pa Deuteronomo 20:19, 20 asilikali ozinga mzinda akuletsedwa kudula mitengo ya zipatso, ngakhale nkhondo itatalika. Lamulolo likuvomereza kuti nkhondo ilipo, koma likuikira malire: zimene anthu adzadye nkhondo ikatha zisakhudzidwe.

Tikayeza pangano la 2008 ndi lamulo la dzenje lija, tikupeza kuti panganoli n'lofewa. Udindo woyeretsa malo limauika pa dziko limene malowo ali, osati pa amene anaponya. Woponyayo, ngati ali m'panganoli, amangolimbikitsidwa mwamphamvu kuti athandize ndi ndalama, akatswiri, komanso kuulula mitundu ya mabomba ndi malo amene anawaponya. Ku Laos, America yakhala ikupereka ndalama zochotsera timabomba, koma mwa kufuna kwake, osati chifukwa cha lamulo. Ku Tete ndi ku Manica kunalibe n'komwe woti n'kumufunsa, popeza boma limene linakumba dzenjelo linali litatha kalekale. Anagwada m'tchire ndi makina ofufuzira zitsulo, mita ndi mita, anali Amozambique eni ake, ndipo ndalama zake zinachokera ku mayiko amene sanaponye kabomba ngakhale kamodzi kumeneko.